Kumudzi ndi kuphiri pa ulendo umodzi: Dedza, Zomba, Mulanje kapena Nyika?

Banja likapeza galimoto, tchuthi ndi kandalama pa nthawi imodzi, zomwe sizichitikachitika, m'nyumba mumabuka maganizo awiri. Akuluakulu amafuna kukaona abale: agogo amene akhala akudandaula kuti adzukulu adzawadutsa pamsewu osawazindikira, azakhali amene anaferedwa ife osapita kukapepesa, mnzathu wa kusekondale amene ntchito inamuponya ku Zomba kapena ku Mzuzu. Ana nawo amafuna kukaona malo, makamaka mapiri amene amangowaloweza pokonzekera mayeso. Ziwirizi zimatheka pa ulendo umodzi, pakuti kwathu kuno n'kovuta kupeza mudzi umene uli kutali kwambiri ndi phiri. Koma abale amadya masiku, phiri limadya mafuta ndi miyendo, ndiye mukapanda kuwerengera bwino mumabwerako mutakhumudwitsa agogo, phirinso mutangolionera pawindo.

Pano pali njira zinayi, zonse kuyambira mu Lilongwe: ya ku Dedza ndi Ntcheu, ya ku Zomba, ya ku Mulanje, ndi ya kumpoto yokafika ku Livingstonia ndi ku Nyika. A ku Blantyre ndi a ku Mzuzu angotembenuza mapu. Muyeso wanga uli pa galimoto imene muli nayo, pa munthu wofooka kuposa onse amene akwere galimotoyo, kaya ndi khanda kaya agogo odwala maondo, ndi pa masiku amene atsale abale akatengapo awo.

Yambani mwachotsera masiku a abale

Ambiri amawerenga makilomita n'kuiwala kuti kumudzi kulibe zoti "tangodutsa". Mukangoima pakhomo mphasa yayalidwa, moni wayamba mmodzimmodzi, aliyense kufunsa za kumene mwachokera, ndipo musanathe kulongosola za ulendo mumva nkhuku ikulira kuseri kwa nyumba, ana ali nayo liwiro. Nkhukuyo ikagwidwa, dziwani kuti maola atatu apita, chifukwa simungatsanzike nsima ili pamoto. Ngati pamudzipo panagwa zovuta inu kulibe, muyenera kukakhala pansi kunyumba ya ofedwa, kupereka chipepeso, mwina kupempha kuti akuperekezeni kumanda, ndipo kumandako sikupitidwa mwachisawawa eni mudzi osadziwa. Ndiye pali amalume a kutsidya kwa dambo, amene akamva kuti munafika osawaona, nkhaniyo idzatuluka pa chinkhoswe cha mwana wanu zaka khumi zikubwerazo.

Choncho khomo lililonse lofunika lipatseni theka la tsiku, ndipo kwa makolo enieni mugoneko ndithu. Anzanu a m'tauni savuta. Mumapangana pafoni, mumakumana madzulo ataweruka, mwinanso ndi iwowo amene akusungeni usiku umodzi. Masiku otsalawo ndiwo a phiri. Mukaona kuti latsala limodzi lokha, Nyika ndi nsonga za Mulanje zagwa kale, musadzivutitse nazo.

Palinso nkhani imene siilembedwa pamapu. M'mabanja ambiri a m'tauni bambo kwawo ndi ku Rumphi, mayi kwawo ndi ku Thyolo, ndipo kusankha phiri n'kusankhanso apongozi oti akaonedwe. Osayesa kuthana ndi mbali zonse ziwiri pa tchuthi chimodzi. Gwirizanani kuti chaka chino n'kwa uje, chamawa n'kwa uje, ndipo mbali imene yatsalayo iuzidwe ndi pakamwa panu isanaone zithunzi pa WhatsApp.

Dedza ndi Ntcheu: ulendo wa Lachisanu mpaka Lamulungu

Kuchokera mu Lilongwe kukafika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Mukanyamuka mutamwa tiyi, mufika dzuwa lisanayambe kuwawa. Tauniyi ndiyo yakhala pokwera kuposa matauni onse m'dziko muno, ndipo phiri lake, lotalika mamita 2,198, lili kuseri kwa boma komweko. Kukwera ndi kutsika kumatheka m'mawa umodzi kwa anthu amiyendo yabwino, kutsata kanjira kopita ku nsanja za mawailesi ndi mafoni. Amene sakwera atha kudikira ku Dedza Pottery, akuona mmene dongo limasandukira makapu ndi mbale, akumwa tiyi.

Chimene chimaika Dedza patsogolo si phiri lokhalo. M'mapiri ozungulira muli zojambula za pamiyala za Chongoni, malo 127, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, anthu osaka nyama amene anakhala kuno kalekale. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali, kupempha mvula ndi nyau. Ku Chencherere, ku Mphunzi ndi ku Namzeze ndi kumene anthu amakonda kupita. Njira zake ndi zafumbi, ndipo pezani munthu wa m'deralo akutsogolereni, chifukwa panokha mutha kudutsa pansi pa thanthwe lojambulidwa osadziwa kuti ndi limenelo. Ana auzeni asanafike kuti pamiyalapo salembapo maina. Ena analemba kale ndi makala, ndipo zimachititsa manyazi.

Ngati abale ali cha ku Ntcheu, pitirirani mpaka pa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire: kuno Malawi, tsidya la phula Mozambique. Pamenepo ndi pogula kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato woti mukatule kumene mukupita. Ngati ali cha ku Salima kapena ku Mtakataka, khotani pa Masasa mutsike Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Msewu umenewu ndi wa phula, wokhotakhota, ndipo kukacha bwino nyanja imaoneka patali mukadali pamwamba. Tsikani ndi giya yaing'ono, osadalira mabuleki okha. Pansi pake pali Mua, mishoni ya Akatolika ya mu 1902, pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mukatero mubwerera kudzera ku Salima, ulendo wazungulira osabwereza msewu.

Kuipa kwake, ana a ku Lilongwe sadzamva kuti ayenda. Dedza amamuona ngati kuseri kwa nyumba. Komanso mu Juni ndi Julayi kumazizira kosaseweretsa, ndipo kumudzi mabulangete ndi owerengeka, ndiye nyamulani anu musavule eni nyumba.

Zomba: kumene galimoto imakwera phiri m'malo mwa agogo

Njira yake ndi M1 yomweyo mpaka pa Chingeni, kukhotera ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Machinga ndi Domasi, makilomita osafika 300. Pa njira za kumwera kumbukirani mageti olipiritsa a Kalinyeke ndi Chingeni, musunge ndalama zing'onozing'ono pafupi. Pa mlatho wa Liwonde chepetsani liwiro ana ayang'ane mtsinje, nthawi zina mvuu zimaoneka. Ubwino woyamba wa njira imeneyi ndi kuchuluka kwa makomo amene imadutsa: Dedza, Ntcheu, Balaka, Machinga, Zomba, ndipo Blantyre ali pa makilomita pafupifupi 65 kutsogoloko. Mabanja ochepa okha a pakati ndi kumwera angayende msewu umenewu osadutsa pafupi ndi mbale.

Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri, pamodzi ndi munda wa mitengo ndi maluwa umene ana angathamangemo osaopa galimoto. Pafupifupi aliyense ali ndi mnzake kumeneko, wa ku yunivesite, wa ku polisi, wa usilikali kapena wa kundende, ndiye pogona sipasowa.

Koma chimene ndimaikira Zomba pamwamba pa njira zina zonse ndi msewu wa phula wokwera phiri mpaka ku Ku Chawe. Sienta imakwera, Vitz imakwera, bola injini isakhale yotentha kale. Achinyamata amene akufuna thukuta atha kukwera wapansi pa kanjira kamene alimi a mbatata amatsikira nako ku msika, agogo ndi khanda n'kukwera pagalimoto, onse n'kukakumana pamwamba nthawi ya nkhomaliro. Palibe wotsala pansi, palibe wokakamizidwa. M'mbali mwa msewu anyamata amathamangira galimoto atanyamula timadengu ta masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ena miyala yonyezimira ya m'phirimo. Mtengo woyamba umene atchule ndi wa alendo akunja. Yankhani m'Chichewa, mumva wina.

Pamwambapo pali damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse, ndi mathithi a Williams, pamene ana angaviike miyendo. Malo oonerapo patali otchuka ndi Emperor's View, okumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia, ndi Queen's View. Kukakhala kopanda utsi mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje lili uko. Ku mbali ina kuli dzenje la Chingwe, limene lili ndi nkhani zambiri zoopsa za makedzana, ndipo wokutsogolerani aliyense adzakusimbirani yake. Phula limathera cha ku hotela ya Ku Chawe ndi ku damu. Kupita ku malo akutaliwo ndi njira za miyala, zimene galimoto yotsika imakhula mimba, makamaka mvula ikagwa, ndiye kumeneko yendani wapansi kapena pitani ndi galimoto yokwera. Anyani ndi ochenjera, buledi wosiyidwa pa boneti sabwerera. Ndipo musadabwe kuona zitunda zina zili mbee, mitengo itatha. Amene anakwera phirili zaka za m'ma 1990 amafika pamwamba n'kuyamba kudandaula, ndipo ali ndi chifukwa.

Masiku anayi akwana: limodzi lopita mukuima m'makomo, limodzi la abale, limodzi la phiri, limodzi lobwerera.

Mulanje: phiri lenileni, koma limagawa banja

Pa kukongola palibe mkangano. Mulanje amadzuka yekha pakati pa chigwa, makoma a miyala ali njo, minda ya tiyi itamuzinga m'munsi, nsonga ya Sapitwa itafika mamita 3,002. Mu 2025 UNESCO inamuika nayenso pa mndandanda uja. Kuchokera mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 310 kukafika ku Blantyre, kenako ena osapitirira 70 pa msewu wa Midima. Wodzera ku Thyolo ndi wotalikirapo, koma ndi umene umakudutsitsani pakati pa tiyi, ndipo ngati simuli pachangu tengani umenewo popita, Midima pobwerera. Ochokera ku Zomba athanso kudzera ku Jali ndi ku Phalombe n'kutulukira pa Chitakale. Muli ndi ana, limeneli ndi tsiku lathunthu la pamsewu, ndipo nzeru ndi kugona ku Blantyre kwa anzanu.

Vuto lake ndi lakuti pamwamba sipafika galimoto. Zonse ndi miyendo. Ambiri amayambira pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndi anyamata otsogolera alendo ndi onyamula katundu. Kwa banja wamba, ulendo woyenera ndi wa ku Dziwe la Nkhalamba: kuyenda kopitirira ola limodzi, kokwera koma kotheka kwa mwana wa sitandade 3, kukafika pa mathithi ogwera m'dziwe. Madzi ake ndi ozizira zedi ndipo dziwelo ndi lakuya, wosadziwa kusambira akhale m'mphepete, ndipo maso asachoke pa ana. Agogo sadzafika. Adzatsala pa Likhubula kapena kwa abale, ndipo ngati cholinga chinali choti banja lonse lionere pamodzi, apa chalephereka.

Ofuna kugona pamwamba ali ndi tinyumba ta pa Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi kwina. Pamakhala mlonda amene amakupezerani nkhuni ndi madzi, koma ufa, ndiwo, mchere ndi zofunda n'zanu. Kukwera kuchoka pansi kukafika pa kanyumba koyamba kumadya gawo lalikulu la tsiku. Sapitwa amafuna masiku atatu, kugona pa Chisepo, ndipo pomalizira ndi kukwawa pa miyala. Osapita popanda wotsogolera. Nyengo imatembenuka mwadzidzidzi, chiperoni chikafika simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo, ndipo alendo awiri akunja amene anakwera okha, wina mu 2003 wina mu 2009, sanabwerere amoyo. Eni dera ali ndi malamulo awo a phirili. Adzakuuzani za mizimu, kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'nkhalango umadya wekha osaitana mnzako. Kaya mukhulupirira kaya ayi, musaseke pamaso pawo.

Ziwiri zoti mudziwe musanapite. Choyamba, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali za phirili, madzi ndi miyala n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zipsera zikuonekabe pa phiri, ndipo ngati abale anu ali kumeneko, mwina mufika pakhomo limene linataya anthu. Kumeneko yambani ndi kukhala pansi, zithunzi pambuyo. Chachiwiri, mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozemba. Timabokosi tonunkhira tija timakopa, koma kugula ndi kulipira wodula wotsatira. Gulani zinanazi, nthochi ndi mapeyala, zimene kumeneko n'zosasowa pa nyengo yake.

Mulanje ndi wa banja la ana akuluakulu, a sekondale kupita m'tsogolo, lokhala ndi masiku asanu kapena kuposa, ndi abale a ku Thyolo, Luchenza, Chiradzulu kapena Phalombe oti agogo akatsale nawo akucheza, akudya kalongonda. Mu Okutobala kumakhala Mulhako wa Alhomwe pa Chonde. Kwa ena chimenecho ndiye chifukwa chopitira, abale onse amapezeka malo amodzi. Kwa ena ndi sabata yopewa, msewu umadzaza ndipo malo ogona amatha.

Kumpoto: Viphya, Livingstonia ndi Nyika

Uwu ndi ulendo wa sabata yathunthu, ndipo wochepetsa masiku amangoona phula. Lilongwe mpaka Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 360, kudutsa Kasungu ndi Jenda. Mukangopitirira Jenda msewu umayamba kukwera Viphya, ndipo apa phiri mumalipeza muli m'galimoto: zitunda, miyala ikuluikulu ngati ija yooneka ngati njovu, ndi nkhalango ya paini ya Chikangawa, imene inadzalidwa pa mahekitala 53,000 koma yambiri inadulidwa ndi kupsa. Nkhungu imagwa nthawi iliyonse, ndipo malole a matabwa amakwera pang'onopang'ono. Lezani mtima kumbuyo kwawo.

Kuchoka ku Mzuzu, kudutsa Ekwendeni, pali zosankha ziwiri zimene anthu amaziphatikiza pakamwa ngati zili pafupi, pamene pamsewu zatalikirana.

Livingstonia ndi mishoni imene Dr Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894, atasiya Cape Maclear ndi Bandawe chifukwa cha malungo. Pali tchalitchi, Stone House imene inali nyumba yake ndipo tsopano imasunga zakale, yunivesite, ndi mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125, okhala ndi phanga kuseri kwake kumene anthu ankabisala nthawi ya nkhondo. Kuchokera pamwambapo nyanja imaoneka ili pansi penipeni. Msewu wotchuka wa Gorodi, wochokera pa Chitimba, uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono pa makilomita ochepa okha, miyala yokhayokha, phompho kumbali. Galimoto ya banja musaipititse kumeneko. Dzerani ku Njakwa, njira ya kumtunda, imene ndi yofatsa.

Nyika ndi nkhani ina. Ndi paki yoyamba m'dziko muno, ya mu 1965, yaikulu kuposa onse, udzu ndi zitunda mpaka pamene maso alekezera, nsonga ya Nganda itapitirira mamita 2,600. Mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera, mumaziona muli m'galimoto, ndipo nthawi ya mvula maluwa a m'tchire amaphuka mitundu yosawerengeka. Kulibe malo ena otere m'Malawi muno. Koma kuchoka pa Rumphi, kudzera pa geti ya Thazima, kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, ambiri a fumbi ndi miyala, maola angapo akugwedezeka. Pamafunika galimoto yokwera, tayala lapadera labwino, jeke, ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwera, odzadza pa Mzuzu kapena pa Rumphi. Mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Malo ogona ndi ochepa, ofunika kupangana nawo musananyamuke, ndipo tengani ziphaso za unzika, chifukwa pa geti Amalawi amalipira mtengo wotsika.

Ngati galimoto ndi yaing'ono, siyani Nyika, tengani Viphya ndi Livingstonia, simunaluze. Pobwerera tsikirani ku Nkhata Bay mutsate M5 m'mbali mwa nyanja, Chintheche, Dwangwa, Nkhotakota, Salima, mudye kondowole ndi batala, ana asambe. Nthawi ya mvula funsani kaye za milatho ya msewu umenewu. Ana obadwira mu Lilongwe aphunzitseni moni wa Chitumbuka akadali m'galimoto. Agogo a ku Henga akapatsidwa "monire" ndi mdzukulu wa m'tauni, theka la milandu yanu yosabwera kumudzi lakhululukidwa.

Njira imeneyi ndiyo yodya mafuta kuposa zonse, makilomita oposa 1,000 kupita ndi kubwera. Ngati kwanu ndi kumpoto, mafutawo mukanawaotcha kale popita kumudzi, ndiye phiri mwangolipeza ngati basera. Ngati kulibe mbale kumeneko, ulendowu ndi wokaona malo chabe, ndipo ukonzedwe padera.

Mwezi wake

Tchuthi chachikulu cha sukulu, cha mu Ogasiti, ndicho chabwino pa njira zonse zinayi. Misewu ya fumbi ndi youma, kuzizira kwayamba kuchepa, ndipo kumudzi nkhokwe zikadali ndi kanthu, mlendo salemera. Chofooka chake ndi utsi: anthu akayamba kutentha tchire, kumayambiriro kwa Sepitembala mpaka mvula, mapiri akutali amabisika. Kumwamba koyera kwenikweni ndi kwa Meyi mpaka Julayi.

Khirisimasi ndi imene ambiri amasankha chifukwa ndi pamene maofesi amatseka, koma ndi ya matope, Mulanje amaterera, Nyika amavuta kufika, ndipo kumudzi anthu ali kumunda, chimanga chikutha. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lofika nthawi imeneyo manja lendelende ndi katundu wolemera, ngakhale eni nyumba sanganene. Nyamulani ufa ndi ndiwo zokwanira inu ndi iwo, ndipo kumbukirani kuti mlendo ndi mame. Pa Khirisimasi ndingasankhe Zomba kapena Dedza, za phula. Tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, chikagundana ndi mapeto a sabata, chimakwana Dedza, kapena Zomba mothamanga, ndipo pamene pansi pakuwotcha pamwamba pa phiri pamakhala kamphepo.

Kulikonse kumene mulowere, dzuwa likalowa mukhale mutafika. Usiku M1 imakhala ya njinga zopanda nyali, ngolo, akabaza, ndi malole ofera pamsewu amene chizindikiro chake ndi nthambi zoponyedwa paphula. Mafuta thirani pamene mwawapeza, osadikira kuti singano itsike, chifukwa mizere ija imabwera osalengeza. Ndalama zina zikhale m'thumba. Airtel Money ndi Mpamba zilipo pafupifupi paliponse, koma wa pa kabenchi kumudzi sakhala ndi ndalama zambiri zoti mutape.

Phiri liyambe, kapena abale?

Kwa banja losakanikirana, la khanda, achinyamata ndi agogo, pa galimoto wamba ndi masiku anayi, ine nditi Zomba. Dedza ndi wa masiku ochepa ndi thumba lopepuka, Mulanje adikire ana akule, Nyika adikire galimoto. Koma ngakhale njira mwasankha, pali funso limene limakanganitsa anthu m'galimoto momwemo.

Mukayamba ndi phiri, nkhani imafika kumudzi inu musanafike. Wina anakuonani pa Lizulu mukugula kabichi, wina waona chithunzi pa Facebook, ndipo mudzalandiridwa ndi mawu akuti "tinamva kuti muli konkuno". Mukayamba ndi abale n'kusiya phiri kumapeto, kawirikawiri silikwereka. Masiku aonjezekera, ndalama zathera ku fizi ya mphwanu ndi mankhwala a agogo, ndipo ana atopa.

Galimoto nayo ili ndi mbali yake. Popita imakhala yodzaza ndi shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, zitenje ndi zovala zimene ana anazikula. Pobwera imadzazanso: thumba la chimanga, mtedza, maungu, nzimbe, nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo pansi pa mpando. Simungakane, kukana n'kunyoza. Galimoto yotere kumbuyo kumakhala kutagwada, ndipo siyoti ikwere Ku Chawe kapena kutsika Khwekhwerere. Nthawi yokhayo imene imapepuka ndi pakati, mutatula zanu, zawo musanalandire.

Ndiye phiri liikeni pakatipo. Fikani kwa abale, tulani katundu, gonani, malizani moni ndi chipepeso. Nenani tsiku lofika lomwelo kuti mkuja tikupita kuphiri, kuti pasapezeke wokonza mwambo wina pa tsikulo. M'mawa mwake nyamukani opanda zikwama, ndipo mipando imene yatsala muikemo ana a pamudzipo. Alipo ambiri amene anabadwira m'munsi mwa Zomba kapena Mulanje, amaliona phirilo tsiku ndi tsiku popita kusukulu, koma sanapondepo pamwamba. Eni ana akadziwa kuti mwatenga awo, sadandaula kuti mwawathawa, amakuphikirani mbatata ndi chimanga za pa ulendo. Kusankha woti akwere kusiyireni agogo kapena azakhali, inu musalowemo, chifukwa mipando ndi iwiri, ana ndi khumi. Madzulo mubwerera komweko, mugona, ndipo m'mawa mwake ndi pamene mulandire katundu wanu n'kutsanzika.

Pa katundu wobwerera nayeyo, makala musaikemo, ngakhale matumba a m'mbali mwa msewu atchipe bwanji poyerekeza ndi a mu Lilongwe. Pa rodibuloko apolisi ndi a zankhalango amalanda makala opanda chilolezo, ndipo mutha kutaya ola mukutsitsa chimanga ndi nkhuku kuti afike pa thumba limene munalibisa pansi.